Nyali ya m'denga ikuphethira, alamu ikulira usiku: mufufuze bwanji maswitchi a pazitseko

Funso: "Ndili ndi Toyota Corolla AE110 ya 1997. Chiyambireni mvula, nyali ya m'denga imaphethira ndikamadutsa m'mabampu, ndipo kachizindikiro kofiira ka chitseko pa dashibodi nthawi zina kamakana kuzima ngakhale nditatseka zitseko zonse. Usiku alamu imangolira yokha, ndipo batire landitherapo kawiri. Koma chitseko chakumbuyo kumanzere ndikachitsegula, nyali siyaka n'komwe. Wa zamagetsi wina akuti tichotse babu n'kudula waya wopita ku alamu. Wina akuti ndigule maswitchi anayi atsopano. Nditani?" Wafunsa ndi wowerenga wa ku Zomba.

Bambo, malangizo onse awiriwo muyambe mwawaimika. Mukadula waya wopita ku alamu, usiku mugonadi tulo, koma wakuba akadzatsegula chitseko alamuyo idzangokhala duu. Maswitchi anayi atsopano nawonso akhoza kukudyerani ndalama pachabe, chifukwa pa magalimoto a zaka zimenezi nthawi zambiri switchi imakhala ilibe mlandu. Cholakwika chimapezeka pamene yamangidwa, kapena pa mmene chitseko chikuikankhira. Komanso zimene mwafotokozazi si vuto limodzi. Ndi mavuto awiri osiyana, ndipo lililonse lili ndi kafufuzidwe kake.

Kuti musamangolota, mvetsani kaye mmene moto umayendera. Nyali ya m'denga imalandira moto wa batire nthawi zonse kudzera pa fyuzi yolembedwa DOME, kaya kiyi alimo kaya mulibe. Chimene nyaliyo imasowa kuti iyake ndi ethi, njira yobwerera ku batire kudzera m'chitsulo cha bodi. Ethi imeneyo imaperekedwa ndi switchi ya pachitseko. Switchiyo ili ndi waya mmodzi kumbuyo, kasipuling'i mkati, kamutu kotulukira kunja kovala kachipewa ka mphira, ndi kabawuti kamodzi koimangira pa felemu. Kabawuti kameneka sikongogwirizira ayi, ndi kamene kamalumikiza switchi ku bodi. Chitseko chikatseguka, kasipuling'i kamakankhira kamutu kunja, tizitsulo tiwiri ta mkati timakhudzana, waya uja amapeza ethi, nyali n'kuyaka. Chitseko chikatsekedwa chimakanikiza kamutu, tizitsulo tija timasiyana, nyali n'kuzima. Kachizindikiro ka pa dashibodi, kabelu kokumbutsa kuti mwaiwala kiyi, ndi alamu yomwe anakuikirani, zonsezi zimamvera maswitchi a pazitseko omwewa.

Choncho switchi imalakwa m'njira ziwiri zokha. Ikhoza kulephera kupereka ethi chitseko chili chotsegula, monga ikuchitira ya kumbuyo kumanzere. Kapena ethi imapezeka pamene siikufunika, chitseko chili chotseka, ndipo ndi zimene zikuphethiritsa nyali, kuliza alamu ndi kumaliza batire. Chitseko chakumbuyo kumanzere chija musachiganizire pa nkhani ya alamu yolira usiku. Switchi yosapereka ethi siingadzutse alamu.

Za batire, masamu ake ndi achidule. Babu la m'denga la ma watt 8 kapena 10 limakoka moto wa pakati pa 0.6 ndi 0.8 amp. Likayaka maola 10 usiku ladya pafupifupi 8 Ah (Ah ndi muyeso wa moto umene batire limasunga). Batire la NS40 limene ambiri amaika m'ma Corolla limasunga pafupifupi 35 Ah likakhala latsopano, ndipo lokalamba silifika pamenepo. Onjezani siren ya alamu ndi ma indicator ophethira nthawi iliyonse ikalira, mupeza kuti galimoto yongoyenda maulendo afupiafupi m'tauni siingabweze moto wonsewo masana. Pakadali pano kankhirani kabatani ka nyali ya m'denga pa OFF kuti batire lipume. Koma dziwani kuti pa ma Toyota ambiri a nthawi imeneyo kachizindikiro ka pa dashibodi kamayakabe ngakhale kiyi mwachotsa, ndiye kumeneku n'kungochepetsa ululu, si kuchiza.

Zida zake si zambiri: sikuludiraiva ya nyenyezi, sipanala kapena soketi ya 10, multimeter (mita yoyezera magetsi), waya wotalika mita imodzi wosendedwa mbali zonse, sandipepala wosalala wa nambala 400 kapena 600, contact cleaner (mankhwala opopera otsukira tizitsulo ta magetsi), girisi wa silicone pang'ono, kachingwe, choko ndi tepi.

Yambani ndi chitseko chimene sichiyatsa nyali, chifukwa n'chosavuta ndipo chikuphunzitsani mmene zinazo zilili. Poyamba onani ngati switchi ilipo n'komwe. Magalimoto ena otsika mtengo anatuluka kufakitale opanda maswitchi akumbuyo, pamalopo pamangokhala kotsekera ka mphira. Ngati ilipo, ikani kabatani ka nyali pa DOOR (pamene nyali imayaka chitseko chikatseguka), tsekani zitseko zina zonse, ndipo muonetsetse kuti nyali yazima. Kenako kankhani kamutu ndi chala kangapo. Kamutu kabwino kamalowa mofewa n'kubwerera mwamphamvu. Kakamabwerera mwaulesi kapena kukanirira mkati, ndiye kuti mwalowa fumbi losakanikirana ndi madzi kapena kasipuling'i kadyeka. Nyali ikamayaka mukagwedeza kamutu cham'mbali, tizitsulo ta mkati tachita dzimbiri.

Masulani kabawuti, n'kukoka switchi pang'onopang'ono. Apa ndi pamene anthu ambiri amadzipezera ntchito ina. Waya wa kumbuyo ndi wamfupi, ndipo mukangomuzula n'kumusiya amagwera m'kati mwa mzati, moti kuti mumupezenso muyenera kuchotsa mapulasitiki a mkati. Musanazule pulagi, mangani kachingwe kumbuyo kwake kapena ipaneni ndi chopanira zovala kuti isabwerere m'bowo.

Tsopano tengani waya wa mita imodzi uja. Mbali ina gundani pa kachitsulo ka m'pulagi, mbali ina pa chitsulo choyera cha bodi, monga mutu wa bawuti la striker, kachitsulo kokhota kamene loko amakola. Nyali ikayaka, ndiye kuti babu, fyuzi ndi waya yense kuchokera kudenga zili bwino, ndipo vuto latsala pa switchi kapena pa ethi yake. Ikapanda kuyaka, ikani multimeter pa DC 20 V n'kuyeza pakati pa pulagi ndi bodi. Muyenera kuona moto woyandikira wa batire, cha m'ma 12 V. Mukaona 0 V nyali ili yozima, waya waduka penapake, kawirikawiri pansi pa pulasitiki yopondapo polowa kapena pa pulagi ya m'munsi mwa mzati imene imabiriwira madzi akamalowa.

Tinene kuti nyali yayaka. Switchi ili m'manja, ikani mita pa ohm, muyeso wosonyeza mmene njira ikukanizira moto kudutsa. Chingwe china cha mita chikhudze pamene pamalowa waya, china pa kachitsulo kozungulira bowo la kabawuti. Kamutu kali kunja, mita isonyeze zosakwana 1 ohm. Mukakanikiza, isonyeze OL kapena 1 wa kumanzere, kutanthauza kuti njira yaduka. Kanikizani n'kusiya maulendo angapo mukuyang'ana. Manambala akamadumphadumpha, 3 ohm, kenako 40, kenako 200, tizitsulo tada. Pa maswitchi ambiri a waya mmodzi tizitsuloto timaonekera kumbuyo mukakanikiza kamutu. Dulani kachidutswa ka sandipepala, kapindeni, kalowetseni pakati, siyani kamutu kuti kapane, n'kukoka kangapo mpaka chitsulo chiwale. Popererani contact cleaner, dikirani kuti aume, yezaninso. Kachipewa ka mphira kakang'ambika, switchiyo idzadanso mvula ikubwerayi ngakhale muiyeretse bwanji. Kachipewako kasintheni, kapena sinthani switchi yonse.

Switchi ikayeza bwino m'manja koma n'kumakana ikamangidwa, ethi ndiyo yafa, ndipo pa magalimoto amene anapoperedwapo penti izi n'zofala kwambiri. Opopera ena amachotsa switchi, n'kupopera felemu lonse pamodzi ndi bowo lomwe, ndiye kabawuti kamabwerera pa penti wokhuthala. Ena saichotsa n'komwe, amangoipopera, penti n'kuumitsa kachipewa. Palani penti ndi dzimbiri kuzungulira bowo, malo ongokwana pamene switchi imakhala, mpaka chitsulo chioneke. Tsukani mazinga a kabawuti ndi bulashi ya waya. Ngati muli ndi washala wa mano, muikeni, chifukwa amaluma chitsulo. Mangani, kenako pakani girisi pang'ono pamwamba kuti pamene mwapalapo pasachite dzimbiri. Girisi wamba wa ma bearing asakhudze kachipewa, amafufumitsa mphira. Musamange mwankhanza. Chitsulo cha pamenepo n'chopyapyala ndipo mazinga ake sachedwa kutha. Ngati anatha kale moti kabawuti kamangozungulira, ikani kokulirapo pang'ono, kapena lumikizani kawaya ka ethi kuchokera pansi pa mutu wa kabawuti kupita pa bawuti lina lolimba la bodi. Koma bawuti la lamba wa pampando musalimasule chifukwa cha ntchito imeneyi.

Pali kayezedwe kena kamene kamaloza malo enieni popanda kumasula chilichonse chambiri. Switchi ili pamalo pake, chitseko chotsegula, nyali ili pa DOOR, yezani ma volt pakati pa mutu wa kabawuti ndi chitsulo choyera cha bodi. Ethi yabwino imasonyeza pafupifupi 0, osapitirira 0.2 V. Mukaona 1 V kapena kuposa, moto ukuvutika kudutsa pa dzimbiri kapena penti. Pakakhala 0 koma nyali ili yofooka kapena yozima, kutsekeka kuli m'kati mwa switchi. Kuyeza kotereku kumaposa kwa ma ohm, chifukwa dzimbiri lina limalola kamoto kakang'ono ka mita kudutsa koma n'kukaniza moto wa babu.

Chitseko chimenechi muchikonze ndithu, musachione ngati nkhani ya nyali chabe. Alamu siidziwa kuti chatsegulidwa. Komanso ma alamu ambiri ndi ma central lock a rimoti amakhomanso okha pakadutsa masekondi pafupifupi 30 ngati sanamve chitseko chikutseguka. Mukatsegula ndi rimoti, n'kutsegula chitseko chokhacho, kuponya chikwama chokhala ndi makiyi pampando n'kutseka, galimoto idzikhoma makiyi ali mkati.

Tibwere ku vuto lalikulu, la ethi yobwera yokha. Apa ntchito yoyamba ndi kupeza chitseko cholakwa, ndipo musamasule kalikonse musanachipeze. Nyali yanu imaphethira m'mabampu, zimene zikusonyeza kuti chitseko china chikungokhudza kamutu pang'ono, moti bodi ikagwedezeka switchi imatseguka n'kutsekeka. Khalani m'galimoto madzulo, zitseko zonse zotseka, nyali ili pa DOOR. Kankhani chitseko chilichonse ndi phewa ngati mukufuna kutuluka osakoka chotsegulira, kenako chikokereni mkati. Chimene chiyatse kapena kuzimitsa nyali ndicho. Nthawi zambiri chimakhala cha dalaivala, chifukwa ndicho chimatsegulidwa kuposa zonse. Ngati galimoto ndi station wagon, chitseko cha kumbuyo kwenikweni musachiiwale, nachonso chili pa mzere womwewo. Pa minibasi ya Hiace woyamba kumuganizira ndi chitseko chokoka chija, chifukwa ma roller akadyeka chimakhala patali ndi switchi.

Mukachipeza, chitseguleni n'kukanikiza kamutu ndi chala pang'onopang'ono. Onani pamene nyali ikuzimira. Pa switchi yabwino imazima kamutu kakangolowa mamilimita ochepa, ndipo imakhalabe yozima ngakhale mugwedeze. Ikazima bwino ndi chala koma n'kumavuta chitseko chikatsekedwa, switchi ilibe vuto. Mukagula yatsopano, mavuto adzakhala omwewo. Chitseko ndicho sichikufika.

Kuti mudziwe mpata umene ulipo, tengani kadongo kofewa kapena Prestik, kaumbeni ngati kamzati kotalika kuposa kamutu, kamateni pafupi ndi switchi, n'kutseka chitseko bwinobwino. Mukatsegula, kadongo kaphwanyika kufika pa mpata weniweni wa pakati pa chitseko ndi felemu. Yezani ndi rula. Kenako yezani kutalika kwa kamutu pamene nyali imazimira. Chitseko chiyenera kukankha kamutu kupitirira pamenepo ndi mamilimita atatu kapena kuposa. Kusiyanako kukakhala milimita imodzi kapena osakwana, mwapeza chimene chikuliza alamu. Usiku kukazizira zitsulo ndi mphira zimakhwinyata pang'ono, mphepo kapena lole yodutsa imagwedeza galimoto, ndipo milimita imodziyo imatha.

Chimatalikitsa chitseko n'chiyani? Yang'anani kaye pa chitseko penipeni pamene kamutu kamagunda. Pakani choko pa kamutu, tsekani, tsegulani, muone pamene chokocho chadinda. Pa magalimoto ena pamakhala kaphanthi ka mphira kapena ka pulasitiki kamene kamagwa ndi ukalamba. Pa ena chitsulo chimalowa mkati chifukwa chomenyetsa chitseko zaka zambiri, kapena owongola anachisiya chopindika pambuyo pa ngozi. Choko chikadinda m'mphepete mwa malo ake kapena pansi pake, chitseko chatsika. Chitseguleni pang'ono, gwirani kumapeto kwake m'munsi, n'kunyamula. Mukamva kuti gubudu, chikusewera m'mwamba ndi pansi, mapini a mahinjesi adyeka. Chizindikiro china n'chakuti potseka chimakwera pa striker ndipo mumachita kuchimenyetsa.

Pa ma Corolla a zaka zimenezi switchi ya chitseko chakutsogolo ili pa mzati wapakati, mbali ya loko. Choncho malo a striker ndi amene amalamula kuti chitseko chikanikize kamutu motani. Striker akasunthira kunja ngakhale mamilimita awiri, chitseko chimakhomeka ndithu koma chili chotuluka pang'ono. Imani pambali muyang'ane ngati chitseko chikufanana ndi chinzake kapena chatulukira. Kuti mukonze, jambulani mzere kuzungulira striker ndi pensulo, masulani mabawuti ake awiri pang'ono chabe, mugogodeni ndi chigwiriro cha hamala kuti alowe mkati milimita imodzi kapena iwiri, n'kumanga. Mabawuti amenewa amakhala olimba kwambiri, ndipo sikuludiraiva yaing'ono imangowononga mitu. Gwiritsani ntchito yaikulu yokwana bwino kapena yomenya ndi hamala. Musawamasule onse mpaka kutuluka, chifukwa pa magalimoto ena chitsulo cha mazinga cha kuseri chimagwera mu mzati. Musamulowetsenso kwambiri. Chitseko chikayamba kufuna kumenyetsa, kapena loko akamangokola kamodzi m'malo mwa kawiri, mwapitirira, bwererani.

Mahinjesi akadyeka, mankhwala ake ndi kusintha mapini ndi mabushi kapena hinjesi yonse. Kusuntha striker kuti mubise kutsika kwa chitseko kumangodya loko. Ngati chitseko chili pamalo pake koma mpata ulipobe, matani kachidutswa ka mphira wolimba, kokhuthala mamilimita awiri kapena atatu, pa chitseko pamene choko chinadinda. Chubu chakale cha galimoto chimagwira ntchito. Pukutani malowo ndi spirit, matani ndi guluu wa contact. Njira imeneyi ndi yovomerezeka ndithu bola kakhale kolimba. Zokulunga tepi pa kamutu kapena kumata kandalama ndi chingamu sizikhalitsa, dzuwa la mwezi wa October likawomba zimasungunuka n'kutsetsereka. Osaikanso chokhuthala kwambiri, chifukwa kamutu kakafika pamapeto chitseko chimaphwanya switchi.

Nanga ngati kukankha zitseko sikukusintha kanthu, nyali ikungoyakabe? Pamenepo zulani maswitchi imodziimodzi. Zulani pulagi, ikulungeni ndi tepi kuti isakhudze chitsulo, tsekani chitseko, yang'anani nyali. Ikazima, switchi imeneyo ndiyo ikupereka ethi nthawi zonse, mwina kamutu kanathyoka mkati, mwina kumbuyo kwake kwapindika n'kukhudza bodi. Ikapanda kuzima, isiyeni yozula n'kupita pa ina. Musabwezeretse yoyamba musanamalize zonse, chifukwa zikhoza kukhala kuti ziwiri zalakwa nthawi imodzi, ndipo mukamabwezeretsa mudzazungulira tsiku lonse.

Zonse zikazulidwa koma nyali ili ngwee, waya wasupuka penapake ndipo akukhudza bodi. Fyuzi siipsa pa shoti yotereyi, chifukwa waya ameneyu ntchito yake ndi kupita ku ethi kale, ndiye musadabwe kuti fyuzi ili bwino. Malo oyamba kuyang'ana ndi pansi pa mapulasitiki opondapo polowa, pamene mtolo wa mawaya umadutsa. Oika wailesi, amplifier kapena alamu amakonda kudutsitsa mawaya awo momwemo, ndipo pobwezeretsa kabawuti kamaboola waya. Malo ena ndi m'munsi mwa mzati wapakati, ndi kudenga pafupi ndi nyali yeniyeniyo. Tsitsaninso nyaliyo muione, chifukwa kabatani kake ka ON, OFF ndi DOOR kakapindika kamatha kupereka ethi kokha. Koma kachizindikiro ka pa dashibodi kakamayakanso monga mwanenera, kukayikira kwambiri kukhale pa waya wa zitseko.

Alamu yoikidwa pambuyo ndi malo ena amene ndingakulimbikitseni kuyang'anitsitsa. Kuti idziwe za zitseko, woika amasenda waya wa switchi pansi pa dashibodi kapena m'mbali mwa mapazi a dalaivala n'kulumikizapo wake. Ambiri amangopota ndi manja n'kukulunga tepi. Patapita zaka tepi imamasuka, mfundo ija n'kumakhudza chitsulo galimoto ikagwedezeka. Ipezeni, masulani waya wa alamu, muone ngati nyali yazima. Ikazima, vuto lili mu waya wa alamu kapena m'bokosi lake lomwe. Polumikizanso, wotchererani ndi solder n'kuvalika heat shrink, kachubu ka pulasitiki kamene kamakhwinyata kakatenthedwa. Pa magalimoto amene chitseko cha dalaivala chili ndi waya wakewake chifukwa cha kabelu ka kiyi, woika alamu wodziwa ntchito amalumikiza mawaya awiriwo kudzera m'ma diode awiri (tizipangizo tolola moto kudutsa mbali imodzi yokha), monga 1N4007, kuti asasakanikirane. Akangowaphatikiza popanda ma diode, mumapeza kabelu ka kiyi kakulira mukatsegula chitseko cha wokwera. Alamu ya waya wopita ku ethi ikalumikizidwa chonchi, mbali ya diode yokhala ndi mzere imaloza ku switchi.

Mwanena kuti zinayamba ndi mvula, ndipo zimenezi zili ndi tanthauzo. Madzi osakanikirana ndi fumbi ndi dzimbiri amadutsitsa kamoto pang'ono. Kachipewa kakang'ambika, madzi amakhala m'kati mwa switchi n'kupanga kanjira kofooka kopita ku ethi ngakhale kamutu kali kokanikizidwa. Kamoto kameneko sikangayatse babu lakale, koma alamu imakamva, chifukwa imangoyang'ana ngati ma volt a pa wayayo atsika. Ngati munaika babu la LED, mudzaona likunyezimira mofooka usiku zitseko zili zotseka. Poyeza, switchi yokanikizidwa iyenera kusonyeza OL ngakhale mita ili pa 200k ohm. Ikasonyeza nambala iliyonse, mwalowa chinyezi. Iumitseni, itsukeni, sinthani kachipewa. Funsaninso kumene madziwo akuchokera. Kwezani kapeti m'mbali mwa zitseko mukhudze siponji ya pansi. Ikakhala yonyowa, mphira wozungulira chitseko watha kapena timabowo totulutsa madzi pansi pa chitseko tatsekeka ndi matope, ndipo mapulagi a m'munsi akhala m'madzi. Otsuka galimoto ndi mpope wamphamvu auzeni asamaloze m'mafelemu a zitseko.

Mukatsimikiza kuti switchi yafadi, pitani nayo pogula, musangotchula dzina la galimoto. Yerekezani zinthu zinayi: kutalika kwa kamutu, malo a bowo la kabawuti, maonekedwe a pulagi, ndi kuchuluka kwa timapini. Ya dalaivala pa magalimoto ena imakhala ndi timapini tiwiri kapena titatu pamene zinazo zili ndi kamodzi, ndipo sizisinthanitsika. Kamutu kofupikira ndi mamilimita atatu okha kakubwezerani vuto lomwe mukuthawali. Kwa ogulitsa zipangizo zochotsa ku magalimoto ena, monga ku Ndirande ku Blantyre kapena ku Malangalanga ku Lilongwe, maswitchi a Toyota savuta kupeza chifukwa mitundu yambiri ya zaka zimenezo inkagwiritsa ntchito ofanana. Kwa ine, switchi yakale ya kufakitale yokhala ndi kachipewa kabwino imaposa yatsopano yotchipa yopanda dzina, imene mphira wake amang'aluka chaka chisanathe. Tengani mita muiyeze pomwepo musanalipire, ndipo pindani kachipewa muone ngati kali ndi ming'alu.

Pali chenjezo limodzi limene sindifuna kuti mulidumphe. M'munsi mwa mzati wapakati, pafupi ndi pamene lamba amakulungikira, magalimoto ambiri a kumapeto kwa zaka za m'ma 1990 ali ndi mawaya ndi mapulagi achikasu. Amenewo ndi a airbag ndi a chokokera lamba pa ngozi. Musawayeze ndi mita, musawagunde ndi waya woyesera, musawabaye ndi test lamp (kanyali koyesera moto). Ngati ntchito ikufuna kuti muchotse pulasitiki ya mzati n'kugwira pafupi nawo, zimitsani galimoto, chotsani waya wa negative pa batire, ndipo dikirani masekondi osachepera 90 musanayambe.

Kwa ena amene akuwerenga ali ndi magalimoto osaoneka kamutu pa felemu, monga Volkswagen Golf 4 ndi ena ambiri a m'ma 2000, switchi ili m'kati mwa loko. Ndi kaswitchi kakang'ono kamene kamakankhidwa ndi dzino la loko likamazungulira. Girisi wakale akauma ndi fumbi, kamakanirira. Poyamba popererani mafuta opyapyala otsukira m'kamwa mwa loko, n'kutsegula ndi kutseka kambirimbiri. Zikakanika, loko ayenera kutuluka, ndipo pa Golf 4 chimene chimapezeka kawirikawiri ndi solder wosweka pa kabolodi ka mkati kapena kaswitchi kodyeka. Pa magalimoto oterewa waya amapita ku kompyuta ya bodi, choncho yezani ndi multimeter yokha, osati test lamp ya babu. Yang'ananinso mawaya a m'kachubu ka mphira ka pakati pa chitseko ndi bodi, chifukwa amathyoka ndi kupindikapindika.

Mukamaliza kukonza, yesani chitseko chilichonse pachokha, zinazo zili zotseka: nyali iyake mukangotsegula, izime mukatseka, ndipo isaphethire mukakankha ndi phewa. Tcherani alamu muli mkati, dikirani mphindi imodzi, n'kutsegula chitseko chimodzi. Bwerezani pa zinayi zonse, chilichonse chiyenera kuiliza. Kenako yezani moto umene galimoto ikudya itazimitsidwa. Chotsani kiyi, tsekani zitseko, ikani mita pa 10 A ndipo chingwe chofiira chikhale m'bowo la 10 A, chotsani waya wa negative pa batire, n'kulumikiza mita pakati pa wayayo ndi mutu wa batire. Ngati pa boneti pali switchi ya alamu, ikanikizeni ndi tepi. Musalize injini mita ili pamenepo, ipsa. Pakadutsa mphindi zochepa, galimoto ya zaka zimenezi yokhala ndi alamu iyenera kusonyeza zosapitirira 0.05 A. Mukaona 0.3 A kapena kuposa, pali chinanso chimene chikudya moto, ndipo zulani mafyuzi imodziimodzi, kuyambira ya DOME ndi ya wailesi, mpaka nambalayo itsike. Batire limene latherapo kawiri likatchajitseni pa tchaja mpaka lidzaze, chifukwa alternator, chipangizo chotchaja batire injini ikamalira, payokha siilibweza msanga pa maulendo afupi. Likakhala usiku wonse osalumikizidwa, m'mawa lisonyeze 12.4 V kapena kuposa. Likatsika kufika cha m'ma 12.0 V lili lokhalokha, lafooka, ndipo likufunika kusintha ngakhale maswitchi onse ali bwino.